Aigo Katatu

Tobiura, Japan
4 Malichi 1996

Okondedwa Azakhali a Ok Mal-sun,

Ndikhulupirira kuti chisanu chakusiyani bwino kumeneko ku Geoje. Kuno mitengo yayamba kuphukira, ndipo ine, mkazi wanga ndi ana tili bwino.

Nkhope yanga simukuidziwa. Ndine Kazuhiko, mwana wa mlongo wanu Tamai Shigeru, amene kwanuko mumamudziwa ndi dzina loti Deok-chil. Adiresi yanu ndaipeza pa makhadi a chaka chatsopano amene mumatumiza. Ndamva kuti munaphunzira Chijapani kusukulu muli mwana, ndiye ndalimba mtima kukulemberani.

Choyamba, landirani majombo a labala amene ndaika m'katoniyi. Ndi mtundu wathu watsopano, wa zidendene zosaterereka, ndipo asodzi akuutama kwambiri. Mukawavala mutiuze maganizo anu.

Chachiwiri, bambo apuma. Mukudziwa kuti anagwira ntchito zaka zambiri ku ofesi ya madzi ya tauni, anakhalapo wachiwiri kwa meya, kenako n'kuyendetsa fakitale imene agogo a Man-sul anayambitsa. Mwezi wathawu atisiyira zonse. Anachoka mwakachetechete, monga mmene amachitira zinthu zawo, ndipo jekete lawo likadali pampando ku ofesi. Palibe amene walimba mtima kulichotsa.

Tauni yagwirizana zoti pa 19 Meyi tidzaike mwala wachikumbutso pabwalo la ofesi ya meya. Ana asukulu, antchito a fakitale ndi makhansala anzanga tidzasonkhana pamwalapo, ndipo tonse pamodzi tidzafuula "Aigo" katatu. Ana ayamba kale kuyeserera.

A meya akuti zingakhale bwino patapezeka wachibale wochokera kwawo kwa agogo, adzalankhule mawu awiri. Za tikiti musadandaule. Tiuzeni ngati mungabwere.

Mwana wanu,
Tamai Kazuhiko
Khansala, Tauni ya Tobiura

*

Geoje, Korea
16 Malichi 1996

Iwe Kazuhiko,

Aigo, aigo, achimwene anga a Deok-chil!

Moni sindikupatsa, chifukwa ulibe khalidwe. Munthu amayamba ndi majombo bambo ake atamwalira? Ndawerenga ndime yonse ya zidendene ndikumwetulira ngati chitsiru, ndisanafike poti mlongo wanga kulibe. Kwanuko maliro mumalengeza choncho, pansi pa malonda?

Ndinagwa pakhonde pomwepo. Azimayi a m'mudzi anabwera, ndipo talira masiku atatu. Ndapha nkhumba imene ndimasungira ukwati wa mdzukulu wanga. Anthu adya, alira, adyanso. Ngakhale amene sanawaonepo achimwene analira bwino ndithu, chifukwa nkhumbayo inali yonona.

Iwe sukudziwa. Bambo ako tinakulira nyumba imodzi, pamene bambo anga aakulu a Man-sul anali atatsogola kutsidyako kukafuna ntchito. Bambo akowo ankandibereka powoloka matope a m'mbali mwa nyanja, ndipo ankandigwetsa dala. Anachoka ali ndi zaka khumi, atavala nsapato za bambo anga, zikuguluka. Kuyambira pamenepo ine ndimalemba khadi ndi dzanja langa, iwo amayankha ndi khadi losindikiza lokhala ndi chithunzi cha jombo. Koma anali achimwene anga, ndipo mtima ukundiwawa.

Anadwala chiyani? Anasiya mawu? Ananditchula?

Chimodzi chokha chanditonthoza, n'chakuti tauni yonse idzawalira. Ine ndimayesa anthu a kumeneko amangodziwa kuwerama. Anawo ayeserere ndithu, kulira kosaphunzira kumachititsa manyazi. Uwauze asathamange: "ai" azikoka, "go" azigwetsa pansi. Koma katatu kokha? Katatu ndi ka munthu amene wapunthwa chala.

Ndibwera. Majombo ndi aakulu, ndaikamo nyuzi.

Azakhali ako,
Mal-sun

*

Tobiura
27 Malichi 1996

Okondedwa Azakhali,

Bambo ali moyo! Pamene ndikulembamu ali kuseri, akudulira timitengo tawo ta m'miphika. Apuma pantchito basi. Mwala uja ndi wa agogo a Man-sul, wokumbukira kuti fakitale yakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi. Pepani kwambiri za nkhumba.

Kalata yanu ndinawawerengera tikudya. Sindinawauze kuti ndakulemberani, ndiye anadabwa. Nditafika pa nkhumba anafunsa kuti, "Yonse?" Ndinati yonse. Iwo anati, "Mal-sun sanasinthe." Koma nditafika pa za kukoka ndi kugwetsa, anaika timitengo todyera pansi n'kutuluka, mpunga ukadali m'mbale.

Ine za kulirazi sindikuzimvetsa. Aigo ndi dzina la kampani yathu, ndiponso mawu a tauni yathu. Nkhani yake mwana aliyense wa ku Tobiura amaiphunzira ali sitandade 3. Agogo anafika ku ofesi ya tauni kudzalembetsa kampani atasenza thumba la labala. Kalaliki anafunsa dzina la kampaniyo. Agogo anatula thumba, n'kupumira m'mwamba, n'kunena kuti, "Aigo." Kalalikiyo anakhudzidwa kwambiri, chifukwa m'Chijapani aigo ndiye kuti kusamala anzako mwachikondi, ndipo analemba ndi zilembo ziwiri, cha kukonda ndi cha kuteteza.

Agogo anakhala moyo wawo wonse mogwirizana ndi mawuwo. Madzi atasefukira mu 1953, iwo anali mkulu wa ozimitsa moto odzipereka, ndipo ankabereka nkhalamba kukwera nazo kuphiri akubwereza kuti aigo, aigo. Wantchito akadzicheka pamakina, ankathamanga akufuula aigo. Lero mawuwa ali pa jombo lililonse, pa mapepala anga a kampeni, ndi pa galimoto zotola zinyalala, kumene mwana wanga Yukari wayamba ntchito ya mu ofesi. Ndife mibadwo inayi tsopano yotumikira tauni pansi pa mawu amodzi.

Agogo aakazi ndimawakumbukira bwino. Akamakhala pansi, aigo. Akamadzuka, aigo. Ndinkanyadira kuti palibe munthu wokonda kampani yathu ngati iwo.

Kodi kwanuko mawuwa amatchulidwa mosiyana?

Mwana wanu,
Kazuhiko

*

Geoje
9 Epulo 1996

Kazuhiko mwananga,

Moni tsopano ndikupatsa. Ndasangalala kuti achimwene ali moyo, ngakhale andichititsa manyazi m'mudzi muno. Azimayi akuti ndiwabwezere misozi yawo. Ndawauza kuti ayambe iwo kubweza nkhumba.

Kalata yako ndaiwerenga kawiri. Koyamba ndinaseka mpaka galu anathawa. Kachiwiri sindinaseke.

Khala pansi, Khansala. Aigo ndi mawu amene amatuluka okha msana ukaphwanya. Ukagwetsa mbale, aigo. Mwana wako akabwera ndi mkamwini wopanda ntchito, aigo. Agogo ako sanatchule dzina la kampani. Thumba linkalemera. Nkhalamba zija za madzi osefukira zinkalemeranso, ndipo phirilo linali lalitali. Agogo ako aakazi, iwowo anali maondo.

Koma anthu ambiri akasonkhana pamwala n'kumanena mawuwa pamodzi, amenewo ndi maliro, palibenso china. Kwathu kuno munthu timamuperekeza nawo. Mwana wamwamuna woyamba amaima kutsogolo atatsamira ndodo, n'kuyambitsa, ena n'kulandira. Bambo ako akudziwa zonsezi. Anaona maliro a agogo athu asanachoke, ndipo analira mpaka mawu kusasa. Uwafunse.

Tsopano undiyankhe ichi. Bambo aakulu atamwalira mu 1958, uthenga unatipeza patapita miyezi, chifukwa nthawi imeneyo njira ya pakati pa kuno ndi kwanuko inali yotseka. Ife tinati aliridwa kale kumeneko, ndiye tinangowaikira mbale ya mpunga ndi kapu ya mowa. Anawalira ndani?

Mal-sun

*

Tobiura
22 Epulo 1996

Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine sindili bwino.

Bambo ndawafunsa. Ndinati, "Bambo, aigo ndi chiyani?" Iwo anati, "Zili pa jombo," n'kupitiriza kudulira.

Za maliro a agogo, ndinali ndi zaka zisanu. Ndikukumbukira kuti kunali zii. Agogo aakazi anakhala kutsogolo ataluma thaulo kuti mawu asatuluke, bambo ataima pafupi nawo. Bambowo anali atangolandira kumene mapepala a unzika ndi ntchito ya ku ofesi ya madzi. A meya a nthawi imeneyo anayamikira banja lathu kuti ndi lodekha. Sindikukumbukira munthu akulira.

Azakhali, mvetsani vuto langa. Mwala asema kale. Ana aloweza. Chisankho chili pa 9 Juni, ndipo pali munthu wina, Kanemoto wa kampani ya simenti, amene akuyenda khomo ndi khomo kunena kuti a Tamai akhalitsa pa mipando ya tauni. M'malo omwera mowa amawonjezera kuti, "Afunseni kumene agogo awo anachokera." Akuluakulu akudziwa, koma kuno nkhani imeneyo sitiikamba. Tsopano taganizani tauni itadziwa kuti zaka zonsezi galimoto zake za zinyalala zakhala zikuyenda zitalembedwa kuti "mayo msana wanga." Kuno munthu akatukwanidwa amapulumuka, koma akasekedwa ndiye watha. Mpando umene agogo anayamba, bambo n'kusunga, uthera m'manja mwanga.

Chonde, ndaikamo pepala la mawu oti mudzawerenge. Ndi mizere itatu yokha. Mawu omaliza ndi "Aigo," ndipo mukangowanena ahedi adzakweza dzanja, ana adzafuula katatu manja ali m'mwamba, bandi idzaimba, tidzapita kukadya. Musadzawonjezere kanthu.

Komanso ndamva kuti mu Meyi nyanja imavuta. Pa msinkhu wanu, mukaona kuti ulendo ndi wolemetsa, ife tidzamvetsa.

Kazuhiko

*

Geoje
2 Meyi 1996

Kazuhiko,

Nyanja imeneyo ndimaionera pakhomo kuyambira ndili wakhanda, ndipo mu Meyi imagona. Sitima yanga ifika pa 17. Pepala lako ndalandira, ndakulungira nsomba zouma. Uuze bambo ako amete.

Mal-sun

*

Tobiura
20 Meyi 1996

Gyeong-ja mwananga,

Ndafika bwino. Nkhuku ukuzitsekera? Mwamuna wako asakhudze mtsuko wa kuseri, sunapse. Tsopano khala pansi ndikuuze zimene amayi ako achita m'dziko la eni.

Kazuhiko anandichingamira padoko, thukuta lili kamukamu, akuwerama ngati nkhuku yojompha chimanga. Ndi munthu wabwino, kungoti amalankhula ngati akutsegulira msonkhano. Kunyumba ndinapeza amalume ako a Deok-chil ataima pakhomo, atameta. Anawerama n'kunena m'Chijapani kuti, "Mwatopa ndi ulendo."

Ine ndinayankha m'chathu. Ndinati, "Achimwene, mwandiphetsa nkhumba muli moyo."

Iwo anati, "Pepani, chilankhulo chimenecho ndinaiwala."

Ndinati, m'chathu chomwecho, "Zipi yanu yatseguka."

Anayang'ana pansi.

Dzulo linali tsiku la mwala. Ndinavala chovala changa choyera cha maliro. Kunotu pamaliro amavala zakuda, ndiye akazi a meya anandigwira mkono n'kunena kuti, "Koma ndiye chovala cha chikondwerero chokongola!" Ndinati zikomo. Pabwalo panali ana asukulu atandandalika m'mizere, bandi, makhansala atavala maluwa pachifuwa, ndi mabenchi a nkhalamba zimene zinapuma ku fakitale. Kanemoto uja, wolimbirana mpando ndi Kazuhiko, anakhala kutsogolo atapinda manja. Anabwera ndi amayi ake pa njinga ya olumala, kamayi kouma kovala chipewa, kuti anthu aone kuti amasamala makolo.

Atachotsa nsalu pamwala ndinawerenga. Pamwamba alemba Aigo, zilembo zikuluzikulu. Pansi alemba kuti "Tamai Mansaku, amene anachokera kumadzulo." Kumadzulo! Ngati mvula.

Atandiitana, ndinayamba kaye ndamasula mtolo wanga. Ndinayala nsomba zouma, maapozi ndi kapu ya mowa wa mpunga patsinde pa mwala. Kazuhiko anandinong'oneza kuti, "Azakhali, zimenezi sizili pa ndondomeko."

Ndinati, "Agogo ako atabwera kuno anali pa ndondomeko ya ndani?"

Ndinagwada mpaka chipumi pansi, kawiri, ndipo podzuka maondo anandikumbutsa zaka zanga. Kenako ndinapita pa chimkuzamawu n'kunena m'Chijapani changa cha ku pulayimale kuti, "Munthu uyu dzina lake ndi Ok Man-sul. Ndi bambo anga aakulu. Sanaliridwe." Basi ndinayamba.

Gyeong-ja, ukuwadziwa mawu anga. Tsopano uwaike pa chimkuzamawu.

Ahedi atangomva "ai" anakweza dzanja. Ana onse anaponya manja m'mwamba, mano pamtunda, "Aigo! Aigo! Aigo!" Bandi inayamba nyimbo yoguba. Anthu anawomba m'manja, ena anayamba kale kuyang'ana kumene kuli chakudya. Koma ine ndinali ndisanafike n'komwe pakati. Ahedi anayang'ana a meya, a meya anayang'ana Kazuhiko, Kazuhiko anayang'ana nsapato zake. Ahedi anakwezanso dzanja, ana anaperekanso atatu ena, koma ofooka. A bandi anasiya mmodzimmodzi mpaka kunatsala mnyamata wa lipenga lalikulu, amene sankaona kanthu chifukwa lipengalo linamuphimba nkhope. Kumbuyo wina anaseka. Ndinaona Kanemoto akumwetulira, ndipo ndinati mumtima, Mal-sun, mwana wa eni wamuphera ntchito.

Kenako ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

Amalume ako anali ataimirira, mendulo ya tauni ili pachifuwa. Anabwera pang'onopang'ono mpaka kutsogolo kwa mwala, n'kutsamira ndodo yawo ndi manja awiri, monga amaimira mwana woyamba. Anaitana bambo awo m'chathu. Ndiye anakoka "ai" uja, n'kugwetsa "go" pansi penipeni, ndendende mmene amalirira kumudzi kwathu. Sanaiwale ngakhale pang'ono. Ine pamenepo ndinasiya zolira za mwambo, ndinalira zenizeni.

Ndiye pa mabenchi a nkhalamba paja mayi wina anaimirira n'kulandira. Wina kumapeto analandiranso. Wachitatu, wachinayi, bambo wina wopanda mano. Onsewo anali ndi maliboni pachifuwa olembedwa mayina a Chijapani, koma kaliridwe kanali ka kwathu, mwina wina wa ku chilumba cha Jeju chifukwa ankathamanga.

Ndipo mawu okweza kuposa onse anachokera pa njinga ya olumala.

Kanemoto anawerama msangamsanga. "Amayi, chete! Anthu akuona!"

"Choka apa iwe!" anatero mayiyo. "Ine ndinalipo pa maliro a Man-sul, ndipo langa thaulo ndinaluma. Lero ndiliriratu ndi bambo ako omwe. Ndikankhire kutsogolo!"

Anawakankhira. Akanatani?

Akazi a meya anali akulira osadziwa chimene akulirira. Ana ena aang'ono anayamba kulira poona akulu akulira. Kazuhiko anaima pambali panga atagwira ndondomeko yake.

"Azakhali, ndichite chiyani?"

"Lira."

"Sindidziwa."

"Ganizira chisankho."

Ndiye analira bwino ndithu.

Nsomba zija tinagawana ndi nkhalambazo pabwalo pomwepo, ndipo mowa unachepa. Amalume ako mawu asasa, koma kuyambira dzulo sakusiya kulankhula. Akufunsa za anthu amene anafa iwe usanabadwe. Ndibwera sabata ya mawa. Ndanyamula majombo a azimayi onse amene analira mu Malichi, asandivutenso.

Amayi ako

*

Tobiura
14 Juni 1996

Mal-sun mlongo wanga,

Uli bwanji? Ili si khadi losindikiza, ndiye upirire ndi dzanja langa. Ndalemba m'Chijapani chifukwa zilembo zakwathu ndinachoka ndisanaziphunzire. Dzina lokha pansipo ndalemba m'zathu. Yukari anagula buku, ndipo ndayeserera pa nyuzi yonse.

Kazuhiko wapambana. Kanemoto wapambananso, poti mipando ilipo ingapo. Awaika moyandikana, ndipo akuti pamsonkhano woyamba, pokhala pansi, Kanemoto ananena mawu aja osadziwa. Kusekedwa tasekedwa ndithu. Wogulitsa nsomba akandipatsa chenji amagwira msana. Koma sitinafe.

Makhansala anakangana tsiku lonse ngati afufute mawuwo pa galimoto za zinyalala. Pomaliza anafunsa anyamata amene amanyamula mabini. Iwo anati asafufute, chifukwa aka n'koyamba kugwirizana ndi zimene zalembedwa pa galimoto yawo. Pamwala, wosema wabwera kudzawonjezera dzina la bambo. Mawu oti "kumadzulo" tawasiya, kuti ukadzabwera udzapeze chotukwana.

Amayi ake a Kanemoto amabwera Lachinayi lililonse. Sitikamba zambiri. Amanditukwana kuti ndimalankhula ngati mwana wa zaka khumi, ndipo n'zoona.

Nkhumba sindibweza, chifukwa sindinadye.

Tsopano imva. Akuti unandilira masiku atatu mu Malichi. Ine sindinamve, ndiye sizikuwerengedwa. Adokotala akuti mtima wanga ukhoza kuyendabe pang'ono, choncho usaphe kanthu pakadali pano. Koma Kazuhiko ndamuuza kale kuti tsikulo likadzafika, nkhaniyo adzaike pamzere woyamba, majombo pansi. Ndikumuphunzitsa katsamiridwe ka ndodo, kungoti amalirabe ngati akuwerenga malipoti. Ndiye iwe udzabwere ndi choyera chija, udzaime pafupi naye. M'nyumba muno mathaulo onse ndawauza kuti adzabise.

Ndipo asadzakuuze munthu kuti katatu.

Achimwene ako,
Ok Deok-chil